Mbaula ya chivundikiro iyi sigonja ku chisanu cha ku Glasgow

Ndinagula mbaula yozungulira ija amati kettle, ya masentimita 57, chifukwa kwathu Khirisimasi siitha popanda kanyenya, pomwe kuno ku Glasgow, m'dziko la Scotland, imafika kuzizira kuli pachimake. Ndaotcherapo mu Disembala ndi Januwale, madzi atauma gwa panja, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe.

Mphamvu yake yonse ili pa chivundikiro. Pa waya wosavundikira, mphepo yozizira imalanda moto, nkhuku n'kupserera kunja m'kati muli magazi. Apa ndimaunjika makala mbali imodzi, nyama mbali inayo, n'kuvundikira, zibowo zapamwamba zili kumbali ya nyamayo kuti kutentha ndi utsi zidutsirepo. Imapsa mpaka pafupa. Chofunika n'kuugwira mtima, chifukwa mukangoti ndisuzumire, kutentha konse kwathawa, ndipo kumachedwa kubwerera. Koyezera kutentha ka pachivundikiro kamangoyeza kutentha kwa mpweya wa m'katimo, ndiye gulani koyezera kobaya m'nyama. Nkhuku ikafika madigiri 75 pakati, phulani.

Makala imadya ambiri kuposa nyengo yotentha, konzekeranitu, ndipo muziwasunga pouma. Ma briquette, makala oumba aja, amakhalitsa, ngakhale kuti kafungo kabwino kali pa makala a mitengo, choncho ine ndimasakaniza. Amene mukuganiza za mbaula ya gasi, dziwani kuti gasi wa mtundu wa butane amakana kutuluka kukazizira kufika pa madigiri 0, pamafunika wa mtundu wa propane.

Chonde abale anga, ngakhale kuzizire bwanji, musailowetse m'galaja kapena m'nyumba. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, womwe uja umapha anthu kumudzi akagona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa Juni. Amautulutsabe ngakhale moto ukuoneka ngati wazima. Valani jekete lochindikala, otcherani panja.

Zondidandaulitsa zilipo. Miyendo yake itatu ndi yowonda, mphepo ikakula mbaula imagwedera, mpaka ndimatsindira njerwa pa kashelefu kapansi. Ilibenso poika mbale, pomwe nyama yophula imazizira nthawi yomweyo, ndiye ndimatuluka ndi poto wofunditsiratu wokhala ndi chivundikiro chake. Musaiwalenso tochi, mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Ndaipatsa nyenyezi zinayi. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha miyendo.