Chishalo cha dressage chija, patadutsa miyezi

Nditangogula chishalo cha dressage (masewera ophunzitsa hatchi kuyenda mwaluso momvera wokwera) chogwiritsidwapo kale ntchito, ndinalemba kuti ndi chakuya bwino ndipo chimakhazika munthu mowongoka. Pamenepo sindinasinthe maganizo. Koma anzanga osamalira mahatchi kuno ku Kyalami, m'chigawo cha Gauteng ku South Africa, akhala akundifunsa ngati chimathandizadi kuti miyendo, manja ndi thupi ziuze hatchi chinthu chimodzi. Mwendo chimauthandiza kwambiri. Dzanja ayi.

Zikopa zake za m'mbali ndi zazitali ndi zowongoka, ndipo lamba wa pamimba amamangidwa m'munsi, kotero zitsulo zomangira sizikhala pansi pa ntchafu. Mwendo umagona panthiti popanda chopinga. Pozungulira bwalo la mamita 20 pakati pa E ndi B (zilembo zoikidwa pakati pa mbali ziwiri zazitali za malo okwereramo), ndimamva hatchi ikangoyamba kugwera mkati, mwendo wamkati n'kuikankhira kuchingwe chowongolera chakunja isanapatuke n'komwe. Wakunja umakhala pambuyo pa lamba pang'ono, kuletsa miyendo yakumbuyo kuthawira kunja. Pa chishalo cholumphira bondo limapita kutsogolo, ndiye zonsezi ndinkazimva mochedwa.

Half-halt, chizindikiro chachidule chouza hatchi kuti ikhazikike ndi kukonzeka, ndiye nkhani ina. Aphunzitsi anga amati limbitsani mimba ndi msana, finyani miyendo, tsekani zala pachingwe, kenako masulani, zonse m'kanthawi kochepa kwambiri. Kumasulako ndiye kovuta, ndipo palibe chishalo chingakuuzeni nthawi yake. Hatchi yaikazi imene ndimakwera siyinama: dzanja likachedwa imatukula mutu, msana n'kuuma, trot (kuthamanga pang'onopang'ono kwa hatchi) n'kumakugwedeza ngati kabaza pamsewu wa mabampu. Chinandithandiza apa ndi kukwera aphunzitsi atagwira hatchi pachingwe chachitali, ine manja ali m'chiuno, kuima ndi kunyamuka ndi thupi lokha. Wongoyamba kumene ndalama aziike kumeneko kaye.

Zakutha kwake nazo ndinene. Ubweya wa mkati unaphwa, msana wa hatchi nawo unasintha chifukwa minofu inakula, chishalo chinayamba kupendekera kumbuyo n'kumandikankhira miyendo kutsogolo. Wokonza zishalo atawonjezera ubweya zinabwerera m'malo, koma ndalama imeneyo muiwerengeretu pogula. Lamba wamfupi wa pamimba naye amagulidwa payekha, wa chishalo cholumphira sakwana. Chikopa chikadali cholimba, kungoti nyengo yozizira ya ku Gauteng ndi youma zedi, moti mu June ndi July chimafuna mafuta pafupipafupi, makamaka pamalamba omangira, poti ndi pamene pamayamba kung'aluka.