Tacrolimus wandithandiza, koma bambo amene anandigulitsa sindinawakhululukire

Mafuta opaka pakhunguwa ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Bambo amene anandigulitsa, ngakhale imodzi ayi.

Eczema, nthenda yoyabwa ya pakhungu, ndakula nayo, koma zaka zitatu zapitazi inakwera kumaso: pazikope, m'mbali mwa mphuno, kuseri kwa makutu mpaka m'khosi. Amene muli nayo mukudziwa. Umakanda uli m'tulo, m'mawa n'kupeza timadontho ta magazi pa pilo, ndipo anthu amakupewa poganiza kuti ndi mphere. Mafuta a steroid otchedwa hydrocortisone ndi betamethasone ndinapaka mpaka adokotala anandiletsa. Anati khungu la pazikope ndi lopyapyala kale, ndipo mankhwala a steroid ukawapaka pamenepo nthawi yaitali amalipyapyalitsa koposa. Ndiye anandilembera tacrolimus wa 0.1%, amene ambiri mumamudziwa ndi dzina loti Protopic.

Ndinapita kogulitsa mankhwala kukagula kachubu ka magalamu 30. Ndinalipira osadandaula. Ndisanachoke ndinafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, mankhwalawa ndi achilendo kwa ine, pali chimene ndiyenera kudziwa?" Maso awo anali pa foni. Osadzutsa ngakhale mutu anati, "Muzingopaka kawiri pa tsiku, mayi. Ndi mafuta ngati ena onse."

Si mafuta ngati ena onse ayi.

Usiku umenewo ndinasamba madzi otentha, n'kupaka nkhope yonse ndi khosi, n'kukagona. Tulo tisanabwere ndinamva kutentha. Poyamba kanali kakufunda chabe, kenako moto weniweni, ngati ndaweramira pa makala. Zikope zinkawawa, misozi ikungotuluka yokha, ndipo kuyabwa kuja m'malo mochepa kunachita kuwirikiza. Ndinasukusula ndi madzi ozizira kangapo, koma mafuta ake ndi okanirira, sachoka msanga. Amuna anga anadzuka ali ndi mantha, akufunsa ngati tipite kuchipatala. Apa m'pamene ndinatambasula kapepala kaja kam'bokosi, ka zilembo zing'onozing'ono, n'kuyamba kuwerenga pakati pa usiku maso akuwawa. Ndinapeza kuti mankhwalawa ndi ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Ndinapezanso mawu oti khansa ya pakhungu ndi lymphoma, mtundu wina wa khansa. Nditafufuza pa intaneti ndinaona kuti tacrolimus yemweyo ndi amene amamwa anthu oikidwa impso kapena chiwindi cha munthu wina, kuti thupi lawo lisachikane. Tangoganizani, nkhope ikuyaka, iwe uli wekha ndi mawu amenewo. Ndinalira. Ndinkaona ngati ndadziwononga ndi manja anga omwe.

Kutacha ndinabwerera ndi chubu changa. Ndalama sindinkazifuna, ndikudziwa kuti mankhwala otsegula sabwezedwa. Ndinkangofuna munthu wondiuza ngati ndili pangozi. Bambo aja anayang'ana nkhope yanga yofiirayo n'kunena kuti, "Ena amatero. Ngati simukuwafuna asiyeni." Ena amatero! Ndiye kuti ankadziwa. Dzulo lake ndinawafunsa ndi pakamwa panga, iwo akudziwa, koma anaona kuti foni ndiyo yofunika. Mawu amenewa ndi amene akundipwetekabe mpaka lero, kuposa moto wa usiku uja.

Chubucho chinakhala m'dilowa masiku asanu ndi anayi, ndipo chikanapita kudzala ndikanapanda kukhala ndi tsiku lokaonananso ndi adokotala. Kunena chilungamo, nawonso sanandichenjeze za kutenthako pondilembera. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anapepesa, n'kukhala nane pansi. Anandiuza kuti pafupifupi theka la anthu opaka mafutawa amamva kutentha kapena kuyabwa masiku oyamba, makamaka pamene khungu lili lotupa ndi long'ambika, ndipo nthawi zambiri zimatha mlungu usanathe. Anafotokoza kuti mu eczema asilikali a m'thupi amachita ukali pakhungu popanda mdani weniweni, ndipo tacrolimus amawakhazika mtima pansi pamalo pomwe wapakidwapo. Kupaka n'kosiyana kutali ndi kumwa, chifukwa wolowa m'magazi kudzera pakhungu ndi wochepa kwambiri. Za khansa zija anati chenjezolo linaikidwa ndi bungwe loona za mankhwala ku America la FDA mu 2006 pofuna kusamala, mafutawo atavomerezedwa kumeneko mu 2000, koma sizinatsimikizike kuti ndi amene amayambitsa khansa. Sananene kuti ndizingopaka mwachisawawa. Anati kochepa kokha, pamalo odwala okha, khungu litauma bwino, osati ndikangotuluka m'madzi otentha monga ndinachitira ine.

Ndinayambiranso mtima uli m'mwamba. Tsiku loyamba ndi lachiwiri kunatenthabe, koma moto woti ukuudziwa kuti ndi wodutsa umapiririka. Ndinkaika kansalu konyowa kozizira pankhope ndisanapake. Tsiku lachinayi kunangotsala kakufunda pang'ono. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinagona mpaka kucha osakanda, ndipo nditadzuka ndinayamba ndayang'ana pilo, n'kumupeza ali woyera. Pomatha milungu iwiri zikope zinali zitasalala, mamba aja atayoyoka, kuseri kwa makutu kutapola. Mwana wanga wamkazi anandigwira tsaya n'kunena kuti, "Amayi, nkhope yanu yafewa." Zaka zitatu ndinali ndisanamve mawu otere. Mabala akuda aja pomwe ndinkakanda atenga miyezi kuti ayambe kufafanizika, ndipo m'khosi akadalipo, koma amenewo si mlandu wa mafutawa.

Panopa ndakwanitsa miyezi isanu, ndikupaka kawiri pa mlungu pamalo pomwe imakonda kubwerera, monga adokotala anandilangizira. Yayesa kubwera kawiri, koma mofooka. Eczema siinathe, ndipo palibe anandilonjeza kuti itha.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ili ndi zifukwa zake. Mafutawa ndi onona kwambiri, nkhope imanyezimira ndipo amadetsa pilo, choncho m'mawa amavutitsa. Dzuwa muyenera kulipewa, ine chipewa sichichoka m'chikwama. Mafuta ofewetsa khungu simupaka nthawi imodzi ndi awa, pamafunika padutse maola awiri, ndipo kwa munthu wothamangira kuntchito zimenezi n'zovuta. Chinanso chimene bambo aja akanandiuza m'mawu awiri okha: mowa. Ndinamwa theka la tambula ya vinyo, nkhope inatentha n'kufiira malo onse opakidwa aja, moti anthu amene ndinali nawo anadabwa. Zinatha zokha, koma zinandiopsa. Ndipo pakhungu pomwe pali mafinya kapena matuza a herpes simupaka, mumayamba mwaonana ndi adokotala.

Makolo, chonde musatenge chubu chanu n'kupaka mwana. Wa 0.1% ndi wa azaka 16 kupita m'tsogolo. Ana a zaka 2 mpaka 15 ali ndi wawo wa 0.03%, ndipo osakwana zaka 2 sapakidwa. Mchemwali wanga anandipempha kuti ndimugawireko ka mwana wake, ndinamukaniza ngakhale anakhumudwa.

Chubu chachiwiri ndinakagula kwina, ngakhale n'kutali ndipo mtengo wake ndi womwewo. Mayi wa kumeneko anawerenga kalata ya adokotala, n'kundiyang'ana kumaso, ndisanafunse kanthu n'kunena kuti, "Amayi, munawapakapo amenewa? Masiku oyamba amaotcha, musachite mantha." Ndinawauza kuti ndinawapakapo. Anandifotokozerabe za dzuwa ndi za mowa mpaka kumaliza, anthu atatu akudikira kumbuyo kwanga.