Ma hydrometer atatu oyezera ethanol m'madzi: momwe atumikira m'kalasi langa ku Chipata

Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale muno mu Chipata, ndipo kwa miyezi inayi ndakhala ndikugwiritsa ntchito ma hydrometer atatu agalasi amene ndinaitanitsa ku Lusaka. Hydrometer ndi kagalasi kamanambala kamene kamayandama m'zamadzi, ndipo izi zimayeza kuchuluka kwa ethanol, chinthu choledzeretsa cha mu mowa. Choyamba chimayeza ethanol kuchokera pa 0 mpaka 40 peresenti, chachiwiri mpaka 70, chachitatu mpaka 100. M'bokosimo munalinso thermometer ndi kapepala kokonzera manambala.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Pa madigiri 20, mililita imodzi ya madzi imalemera magalamu 0.998 pomwe ya ethanol imalemera 0.789, choncho ethanol akachuluka kagalasiko kamamira kwambiri. Chimene chinandikondweretsa n'chakuti zidazi zinatsutsa masamu a ana anga iwo akuona. Tinasakaniza mamililita 50 a madzi ndi 50 a ethanol, onse akuyembekezera 100, koma m'silinda yoyezera munapezeka pafupifupi 96, silindayo itafundanso m'manja. Tizigawo ta zinthu ziwirizi timakokana n'kuthithikana, motero kulemera kwa mililita imodzi kunafika cha pa 0.93, osati 0.89 amene anawo anapeza pogawa pakati. Titadikira kuti zizizire, hydrometer inaima pafupi ndi 52 peresenti, monga momwe ziyenera kukhalira.

Vuto lalikulu ndi kutentha. Zidazi anazilemba manambala poganizira madigiri 20, pomwe kuno mu Okutobala kalasi limapyola 30, ndipo zamadzi zikafunda zimapepuka, kagalasi n'kumanena mphamvu yopitirira yeniyeni ndi mapesenti atatu kapena anayi. Kapepala kokonzera kaja kali ndi zilembo zazing'ono ngati nyerere, ndiye ine ndimangoimika silinda m'madzi a mumtsuko kufikira thermometer itatsika. Galasi lake nalonso ndi lopyapyala. Chapakati chija chinafika chitang'aluka, ndipo wogulitsa anatenga milungu itatu kuti atumize china.

Wogula adziwe kuti kunanda kwa zamadzi, kuja kumene kumachedwetsa uchi kutuluka m'botolo, zidazi sizikuyeza konse. Ife tinachita kutenga sirinji yokhala ndi singano n'kumawerenga masekondi pa foni. Madzi ndi ethanol, chilichonse pachokha, zimadontha mosachedwa, koma zikasakanizidwa cha pa theka nthawi yake imaposa kawiri ya madzi, zimene hydrometer singakuuzeni.

Imadaliranso kuti m'botolo muli zinthu ziwiri zokha. Shuga pang'ono amaisokoneza, ndiponso methanol, mankhwala ofanana ndi ethanol amene amachititsa khungu ngakhale kupha, amalemera magalamu 0.792 pa mililita imodzi, pafupifupi chimodzimodzi ndi ethanol. Aliyense woganiza kuti kagalasika kangamutsimikizire kuti kachasu ndi wabwino kumwa asataye ndalama zake. Kwa aphunzitsi ndi opanga sanitayiza wa m'manja, amene ethanol wake bungwe la WHO limati akhale 80 peresenti, ndinganene kuti gulani, koma muuze wogulitsa akulunge chilichonse pachokha asanachikweze basi.