Maola Atatu pa Phiri la Toompea: Ndemanga ya Ulendo Wapansi ku Tallinn

Mwezi wa Okutobala ndinawoloka nyanja pa sitima kuchokera ku Helsinki kupita ku Tallinn, likulu la dziko la Estonia, ulendo wa makilomita pafupifupi 80 umene umatenga maola awiri. Nditatsika ndinalowa m'gulu la alendo amene kampani ina yaing'ono imawayendetsa wapansi m'dera lakale la mzindawo. Kampaniyi silipiritsa pasadakhale, koma munthu amapereka ndalama pamapeto molingana ndi mmene wakhutirira. Ndinasankha ulendo wawo wofotokoza za boma ndi anthu a dzikolo, ndipo zimene ndinapereka sindikuzidandaula, ngakhale kuti pali zina zimene sizinandikomere.

Wotiyendetsa anali mayi wachikulire amene anakula dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa Soviet Union. Anatikweza phiri la Toompea kudzera mumsewu wa miyala wotchedwa Pikk jalg, kutanthauza mwendo wautali, ndipo anatiuza kuti popeza palinso wina wotchedwa Lühike jalg, mwendo waufupi, eni mzinda amaseka kuti Tallinn imayenda motsimphina. Pamwamba paphiripo tinaima kutsogolo kwa nyumba yamtundu wa pinki kumene kumakumana Riigikogu, nyumba ya malamulo ya aphungu 101 osankhidwa zaka zinayi zilizonse. Mayiwo anafotokoza momveka bwino kuti pulezidenti sasankhidwa ndi anthu wamba koma ndi aphunguwo, monga anasankhidwira a Alar Karis mu 2021, ndipo ntchito yeniyeni yoyendetsa boma ili m'manja mwa nduna yaikulu.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinachitika pamalo omwewo. Mayiwo anavula magolovesi, natulutsa chiphaso chawo chaunzika m'kachikwama, nachikweza m'mwamba dzanja likunjenjemera ndi mphepo, kenako anati ndi kakhadi kameneka amavota, amasainira mapangano, ndiponso amatengera mankhwala amene dokotala wawalembera. Estonia inayamba kuvota pa intaneti mu 2005, ndipo pa chisankho cha aphungu cha 2023 mavoti oposa theka anaponyedwa mwa njira imeneyi. Ine, monga munthu amene waonapo mmene ndalama imayendera nyengo ya chisankho, ndinafunsa mmene amatetezera munthu amene wina wamuimirira kumbuyo pamene akuvota pa kompyuta. Yankho lawo linali lakuti wovota ali ndi ufulu wosintha voti yake kangapo konse m'masiku ovotera pa intaneti, ndipo imene imawerengedwa ndi yomaliza, motero wogula voti alibe chitsimikizo chakuti wagula kanthu.

Kuseri kwa nyumba ya malamuloyo kuli nsanja yakale yotchedwa Pikk Hermann, pamene mbendera ya buluu, yakuda ndi yoyera imakwezedwa m'mawa uliwonse. Mbenderayo inabwereranso pansanjapo pa 24 Febuluwale 1989, zaka ziwiri dzikolo lisanapezenso ufulu wake pa 20 Ogasiti 1991. Mayiwo anati iwo anali mmodzi wa anthu pafupifupi 2 miliyoni amene anagwirana manja pa 23 Ogasiti 1989 pofuna ufulu kuchoka mu ulamuliro wa Soviet Union, pa mzere wochokera ku Tallinn kudzera ku Riga, likulu la Latvia, mpaka ku Vilnius, likulu la Lithuania, ndipo pofotokoza zimenezi sanakweze mawu ngakhale pang'ono.

Za maonekedwe a dziko anatifotokozera tili pamalo oonera patali otchedwa Patkuli, pafupi ndi nyumba ya Stenbock imene nduna zimakumaniramo. Estonia ndi dziko lachigwa la masikweya kilomita pafupifupi 45,000, theka lake ndi nkhalango, zilumba zake ndi zoposa 2,000, ndipo malo okwera kwambiri, Suur Munamägi, ndi a mamita 318 okha. Anthu onse ndi opitirira pang'ono 1.3 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amakhala mu Tallinn momwemo.

Pamene ulendowu unafooka ndi pa nkhani ya anthu olankhula Chirasha, amene ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a anthu a dzikolo. Tinali titaima pambali pa tchalitchi chachikulu cha Alexander Nevsky, chimene chinamalizidwa mu 1900 dzikolo lili pansi pa mafumu a ku Russia ndipo chinayang'anizana ndi nyumba ya malamulo, pamene mlendo wina anafunsa za mzinda wa Narva wa kumalire a dzikolo ndi Russia, komanso za anthu amene mpaka lero alibe unzika wa dziko lililonse ndipo amayendera pasipoti yotuwa. Mayiwo anayankha ndi mawu ochepa, nakumbutsa za anthu oposa 20,000 amene anatengedwa mokakamiza ndi boma la Soviet Union kupita ku Siberia mu Malichi 1949, kenako anati tipitirire. Bala lawo ndikulimvetsa, komabe amene walonjeza kufotokoza za anthu a dziko sayenera kulumpha gawo lalikulu chotere la anthuwo.

Kampaniyo nayonso ili ndi zofunika kukonza. Gulu lathu linali la anthu oposa 30 popanda chokuzira mawu, moti amene anali kumbuyo ankangoona milomo ikugwedezeka, ndipo uthenga wawo wa pa intaneti unalembedwa ngati kuti tidzalowa m'chipinda chimene aphungu amakambiranamo, chikhalirecho tinangothera panja. Wofuna kulowa m'katimo ayenera kulembetsa yekha pasadakhale ku ofesi ya Riigikogu, ndipo maulendo oterowo amachitika masiku a ntchito. Miyala ya mumsewu imaterera kukagwa mvula, choncho pamafunika nsapato zogwira pansi ndi jekete lochindikala, chifukwa m'maola atatu onsewo sitinapatsidwe mpata wokhala pansi kapena wolowa pamalo ofunda.