Njerwa zowotcha, mabuloko kapena njerwa za makina: pokonzanso nyumba ku Zomba tisankhe ziti?

Ku Ulaya nyumba ikamagulitsidwa kapena kuchititsidwa lendi imakhala ndi chiphaso chosonyeza mmene imadyera magetsi ndi gasi, m'mayiko ambiri magiredi ake kuyambira A mpaka G. Kuno ku Matawale ndi Chinamwali timaonera mita ya ESCOM: fani ikazungulira usiku wonse mu Okutobala, mayunitsi amaulula kuti khoma ndi denga zili bwanji. Choncho inu amene mukuonjezera chipinda, musangofunsa mtengo wa njerwa imodzi.

Zowotcha zimaoneka zotchipa pa uvuni. Koma zapakati ndizo zimapsa bwino, zam'mbali zimanyenyeka m'manja, ndipo poti sizifanana kukula, mmisiri amatseka mipata ndi matope ambiri, pamwamba pake pulasitala wokhuthala. Simenti yomwe mumaithawa ija imakupezani pamenepo. Za nkhuni, tangoyang'anani mmene phiri lathu layerera. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwazi pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndiye ngati ndi shopu, funsani kaye kukhonsolo.

Mabuloko a simenti ndi achangu, khoma limawongoka, ntchito imatha msanga. Pa kutentha sindiwayamikira kwenikweni: dzuwa silichedwa kulowa, chiperoni chikafika mu Juni kuziziranso sikuchedwa. Pogula kandani ndi msomali. Buloko likamayoyoka, achulutsa mchenga.

Ine mtima wanga uli pa njerwa za makina, zija amati SSB. Amasefa dothi, n'kusakaniza ndi simenti pang'ono, kuthinikiza m'makina, kenako kuzisunga pamthunzi akuthirira madzi pafupifupi milungu 4. Sizifuna nkhuni. Zimatuluka zofanana, ndipo zolowana zija zimadya matope ochepa kwambiri. Khoma lake ndi lolemera, limachedwetsa kutentha kwa masana, madzulo m'nyumba muli bwinobwino. Mdani wake ndi madzi, ndipo mvula ya kuno tonse tinaiona ndi Freddy mu 2023. Maziko akhale okwera, denga lituluke kutali ndi khoma, monga nyumba zakale za boma zamakonde aakulu zomangidwa likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Mmisiri akafuna kumangira njerwa zosakhwima kuti athamangitse ntchito, mukanizeni.

Pa ndalama zanu musiyeko ya siling'i ndi mawindo oyang'anizana. Malata opanda siling'i amatentha chipinda ngakhale khoma likhale labwino chotani.