Ma preset aja, patha miyezi tsopano

Achimwene ena ojambula ku Nkhotakota andifunsa ngati ma preset (makonzedwe okonzeratu a mitundu ndi kuwala ongopaka pa zithunzi) amene ndinagula kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe chaka chatha akundithandizadi, ndiye ndati ndingoyankhira pano.

Za liwiro palibe chodandaula. Mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, ukakonza chithunzi chimodzi, Ctrl+Shift+C kukopera zomwe wakonzazo, kusankha zithunzi zinazo, Ctrl+Shift+V kapena Sync kuzipaka, basi za ukwati wonse zasintha tiyi asanazizire. Kale ndinkachezera pa laputopu mpaka tambala kulira. Kuyika watermark ndi kuchepetsa size potumiza pa WhatsApp nazonso bhobho.

Koma khungu abale. Ma preset amenewa akuoneka kuti anawapangira azungu, amatsitsa orange kwambiri ndiye munthu wakuda amatuluka wotuwa ngati wadzola phulusa. Ukwati wa kuno ku Salima mumaudziwa, m'mawa mu tchalitchi muli kamdima, masana tonse ulendo ku Senga Bay pamchenga dzuwa likuswa mtengo nyanja ikuthwanima kumbuyo, madzulo mu holo magetsi achikasu pa perekaniperekani. Ukangopaka zofanana ponseponse, diresi la mkwatibwi kunyanja limayera mpaka lace osaoneka, mu holo ankhoswe a suti yakuda kumangotsala mano okha. Mayi a mkwatibwi wina anandiimbira kuti achimwene, mwana wangayu mwamudwalitsa bwanji pachithunzi? Ndalama zina ndinabweza, mpaka pano zimandiwawa.

Pano ndimagawa kaye, za mu tchalitchi pazokha, za kunyanja pazokha, za mu holo pazokha, ndipo pokopera ndimachotsa tick pa white balance (mtundu wa kuwala), exposure (kuchuluka kwa kuwala) ndi crop (kadulidwe) kuti zisakoperedwe nawo. Ndimajambulanso RAW (fayilo yosakonzedwa yochokera mu kamera) chifukwa imalola kukonza, JPEG ukaikoka kwambiri imangowonongeka. Zimatheka ndithu koma kanthawi kamene ndimati ndapulumutsa kaja kambiri kamabwereranso.

Tsiku lojambula ana asukulu, onse pakhoma limodzi kuwala kofanana, ndimachita kumudalitsa mnyamatayo. Tsiku la ukwati ayi. Anandilonjeza kuti andikonzera zogwirizana ndi khungu lathu ulere, ndinamutumizira zitsanzo, mpaka lero ma blue tick okhaokha koma pa status akutsatsa pack yatsopano daily. Lightroom yakeyo timalipira m'madola, kwacha chigwere ndi 44% mu November 2023 bilu yake imachita kuluma, ndiye kuti ndiwonjezerenso ina ya pack yachiwiri kwa munthu wosayankha foni, iyayi. Ndapanga preset yangayanga pa nkhope ya mlamu wanga, ndalama ya pack yatsopanoyo ndagulira memory card.