Chikwama cha thandizo loyamba patatha miyezi 9 m'tchire la Tete

Chikwama chake ndi chija chofiira chomwe amagulitsa chodzadza kale: mabandeji, mapulasitala, magolovesi, timapepala ta sipiriti, sizasi ndi kabuku. Chagwira ntchito kuyambira Okutobala mpaka Juni, kumapiri a Angónia cha ku Dómuè, m'nkhalango za Macanga ndi kumunsi kotentha kwa Moatize. Theka la katundu wake silinafike Juni.

Chaononga kwambiri ndi dzuwa, osati mvula. Kumunsi kutentha kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndiye chikwama chomangidwa kumbuyo kwa njinga yamoto chimachita kupsa. Ulimbo wa mapulasitala unasungunuka, moti sagwiranso pakhungu lathukuta. Timapepala ta sipiriti tinauma gwa. Magolovesi a latex anamatana, n'kumang'ambika povala; a nitrile, abuluu aja, akadali bwino. Dzinja linangomaliza zotsala: gozi (kansalu koika pabala) yemwe pepala lake linabooka anachita nkhungu, ndipo wotero n'ngotaya. Chilichonse chilowe m'kajumbo kakekake.

Zomwe zapirira n'zotsika mtengo, zambiri zochita kuwonjezeramo. Kapulana awiri ndiwo mfumu: amakoleka mkono wothyoka, amamangira timitengo pamwendo, ndipo ndi nsungwi ziwiri zolimba amasanduka machila. Sirinji ya 20 ml yopanda singano imatsuka bala la khasu kapena chikwanje bwino kuposa thonje, lomwe limasiya ulusi m'bala. Pompani madzi owiritsa n'kuziziritsa, theka la lita kapena kuposa, mpaka dothi lithe. Koma magazi ayambe aleka: kanikizani mwamphamvu mphindi 10 osasuzumira. Ambiri amatukula nsalu pakangopita mphindi ziwiri, magazi oundana n'kuchoka, ntchito n'kuyambiranso.

Mapaketi a SRO, ufa wa shuga ndi mchere wosungunula m'madzi wobwezera madzi m'thupi, anatha msanga kuposa china chilichonse. Anayi sakwanira gulu la anthu asanu, nyamulani khumi. Akatha, sakanizani lita imodzi ya madzi aukhondo, timasupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Mchere ukachuluka, wodwala amaipiraipira.

Pa njoka chikwamachi chilibe mankhwala, ndipo kapampu koyamwira ululu komwe ena amaikamo n'kongowononga ndalama. Kamwala kakuda kaja koika pomwe njoka yaluma n'chimodzimodzi. Mphiri ikaluma, mwendo umatupa kwambiri, choncho kumanga mphira kapena chingwe kumatseka magazi n'kuwoletsa minofu. Munthu angapulumuke njoka koma n'kudulidwa mwendo chifukwa cha mphira. Kutema mphini kumangowonjezera bala lina. Vulani mphete, zibangili ndi nsapato kutupa kusanayambe, mangani timitengo kuti mwendo usagwedezeke, mumunyamule asayende yekha. Lembani ndi cholembera pakhungu pomwe kutupa kwafika ndi nthawi yake, mubwereze mphindi 30 zilizonse: anamwino ku Ulónguè kapena ku Hospital Provincial de Tete angawerenge mizere imeneyo. Njoka ija yolavula ikalavulira munthu m'maso, tsukani diso ndi madzi ambiri mphindi 15 mpaka 20, osatikita.

Kabuku ka m'chikwama kanalembedwera anthu omwe ambulansi imawapeza msanga. Sikanena za kusunga wovulala usiku wonse poti mtsinje wadzadza, kapena kuti mu Juni ku Tsangano munthu wotaya magazi amazizidwa msanga ndipo amafunika chofunda pansi ndi pamwamba.

Maphunziro nawo amasuluka ngati mapulasitala. Amene anaphunzira kutsitsimutsa munthu yemwe mtima wake waima kwa a Cruz Vermelha de Moçambique (Red Cross ya ku Mozambique) kapena kwina kulikonse, pakatha miyezi 6 manambala amawakumbukira, kukanikiza pachifuwa ka 30 ndi kuuzira mpweya kawiri, koma manja amafooka: sakanikiza kufika masentimita 5, ndipo liwiro limatsika pansi pa 100 pa mphindi. Miyezi itatu iliyonse khuthulani chikwama pamphasa, tayani zofa, kenako wina agone pansi anzake amumange mwendo ndi kumunyamula mamita 200.